Kubweza rockfish pansi pa nyanja uli pa kayaki: mbedza yozondotsa, chopanira kapena kreti?

Kuyambira ku California kukafika ku Alaska, m'mbali mwa nyanja ya Pacific, anthu ambiri amawedza rockfish ali pa kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa. Nsombazi zimakhala m'miyala ya pansi pa nyanja ndi m'ndere zazitali zotchedwa kelp, malo amene kayaki imalowa bwino kuposa boti lalikulu. Kuigwira rockfish sikuvuta, imameza nyambo mosachedwa. Chovuta ndi kuibweza. Ikachokera kozama imafika pamwamba mimba itatupa, maso atatuzuka, chifu chili pakamwa, ndipo ukangoiponya m'madzi imayandama chagada mpaka mbalame kapena nyama za m'nyanja zitaipeza. Pa boti pamakhala wina wokuthandiza ndi malo oyikapo zida. Pa kayaki muli nokha, dzanja limodzi lagwira nsomba, nkhafi ili pamiyendo, mphepo ikukukankhirani kumiyala.

Zida zobwezera nsomba pansi zilipo zingapo, ndipo zonse zimagwira ntchito pa boti. Pa kayaki si zonse.

Chimene chachitika m'thupi mwa nsombayo

Rockfish ndi nsomba za mtundu wa Sebastes, zimene zilipo za mitundu yoposa 100. M'mimba mwake muli kathumba ka mpweya kamene kamaithandiza kuima m'madzi popanda kumira kapena kuyandama. Kathumbako n'kotseka, kalibe njira yotulukira kukamwa. Mpweya umalowa ndi kutuluka kudzera m'magazi, ndipo zimenezi zimatenga maola ambiri, mitundu ina masiku.

Madzi amapanikiza chilichonse chili m'kati mwake, ndipo pa mamita 10 alionse kupanikizako kumawonjezeka ndi mlingo wofanana ndi wa mpweya wa kunja kuno. Nsomba imene ili pa mamita 10 ikakwezedwa, mpweya wake umafufuma kawiri. Ya pa mamita 30, kanayi. Ya pa mamita 60, kasanu ndi kawiri. Kathumba kamatambasuka, nthawi zambiri kamang'ambika, mpweya n'kudzaza m'mimba, kukankha chifu kutulukira kukamwa ndi kulowa kuseri kwa maso. Chofiira chimene mukuona pakamwapo ndi chifu chotembenuka, si kathumba ka mpweya ayi. Ambiri amasokoneza ziwirizi.

Kukweza nsomba pang'onopang'ono sikuthandiza. Ogwira nsomba zokongoletsa m'Nyanja ya Malawi amaidziwa nkhaniyi: mbuna ndi zinzake zochokera kozama amaziika m'mgolo pansi pa madzi pomwepo n'kumazikweza pang'ono pang'ono kwa masiku angapo. Msodzi wa mbedza alibe masiku amenewo. Mphindi zitatu zowonjezera pokulunga chingwe zimangotopetsa nsomba.

Chosangalatsa n'chakuti nsomba yooneka ngati yatha kale imatsitsimuka ikabwezedwa pansi msanga. Mpweya umafinyikanso, chifu chimabwerera, maso amalowa. A Alaska Department of Fish and Game anayesa ndi yelloweye, mtundu wina wa rockfish, ku Prince William Sound: mwa zobwezedwa pansi, 98 pa 100 zilizonse zinakhala ndi moyo, pamene mwa zosiyidwa pamwamba 22 zokha ndi zimene zinatha kumira. Kafukufuku wa kumwera kwa California anapeza kuti 83 pa 100 zinapulumuka zikabwezedwa mphindi ziwiri zisanathe, ndipo mpata woti nsomba ife unkakwera pafupifupi kawiri pa mphindi 10 zilizonse zimene yakhala pamwamba. Ndiye posankha chida, funso loyamba si lakuti chopangidwa bwino n'chiti, koma lakuti n'chiti chimene mungachigwiritse ntchito ndi dzanja limodzi mphindi ziwiri zisanathe.

Kungoisiya pamwamba

Njirayi ili ndi malo ake. Black rockfish ndi blue rockfish, zimene zimakonda kusambira pakati pa madzi pamwamba pa miyala, zikagwidwa pa mamita osafika 15 nthawi zambiri zimamira zokha. Igwireni, mutu uloze pansi, muikankhe. Ikapita, yapita. Ikabwerera pamwamba, musaiyesenso kachiwiri, tengani chida. Lingcod, cabezon ndi greenling, zimene zimagwidwa m'malo omwewo, zilibe kathumba ka mpweya, choncho sizifuna kuperekezedwa. Koma dziwani kuti ku Alaska lamulo silisiyanitsa: rockfish iliyonse yosatengedwa iyenera kubwezedwa ndi chida.

Kuboola ndi singano

Ndi njira yakale: kulowetsa singano yamphako m'mbali mwa nsomba kuti mpweya utuluke. Mabungwe oyang'anira nsomba m'chigawo chonsechi amaletsa kapena kuchenjeza anthu kuti asatero ndi rockfish, ndipo ali ndi chifukwa. Singano ikaphonya imalasa chiwindi kapena matumbo, imalowetsa tizilombo, ndipo mpweya umene uli kuseri kwa maso siutuluka ndi singano ya m'mimba. Nsombayo imamira, inu n'kumaganiza kuti mwaipulumutsa, koma imakafera pansi patapita masiku. Onjezerani pamenepo kayaki ikuvina pamafunde, nsomba yaminga ili pakati pa miyendo yanu, singano ili m'dzanja, mwavala suti yosalowa madzi imene kabowo kamodzi kamaiwononga. Kuboola chifu chotuluka pakamwa ndiye kupha nsomba poyera. Njirayi isiyeni.

Mbedza yozondotsa

Ichi ndicho chida chotchipa kuposa zonse, ndipo mukhoza kuchipanga nokha. Tengani mbedza yaikulu, ya 10/0 kapena kuposa, palani kamnga kake kobwerera m'mbuyo mpaka pasalale ndithu. Mtovu mumangirire ku diso la mbedza, chingwe chotsitsira muchimange pokhota pa mbedzayo. Ikalendewera imazondoka, nsonga kuloza pansi. Ena amangotenga jigi (nyambo yochita kupanga) yaikulu ya mutu wamtovu, kupala kamnga, n'kumanga chingwe pokhota. Shelton Fish Descender ndi waya wokhotetsedwa ngati chilembo S amene amagwira ntchito mwa nzeru yomweyi, ndipo amagulitsidwa m'masitolo a zida zowedzera.

Nsonga mumailowetsa pa kachikopa kofewa ka chibwano cha m'munsi. Mtovu ukamatsika umakokera nsomba pansi, ndipo popeza nsombayo ikufuna kuyandama, imadzikankhira yokha pokhota pa mbedza, siituluka. Mukafika pamene mukufuna, imitsani chingwe n'kukoka mwamphamvu kamodzi: nsonga imasolokera m'mwamba, nsomba n'kutsala.

Pa boti lalitali chidachi chimavuta chifukwa nsomba imapulumuka ili m'malere isanakhudze madzi. Pa kayaki vuto limeneli palibe, ndipo apa ndi pamene kayaki imaposa boti. Madzi ali pa chigongono chanu. Nsomba mukhoza kuichotsa mbedza yowedzera, kuikoleka ku yozondotsa ndi kuimasula osaitulutsa m'madzi n'komwe.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi kumasuka msanga. Chingwe chikangoima kapena kukungika pang'ono mtovu uli m'njira, mbedza imasoloka. Pa kayaki zimenezi zimachitika motere: funde lalikulu limakukwezani mita imodzi kapena awiri pamene chala chanu chikupanikiza rilu (chokulungira chingwe cha pa ndodo), chingwe chimakungika, nsomba imamasuka ili pa mamita 4, ndipo patapita kanthawi mukuiona yayandama uko, kutali ndi inu, chifukwa mphepo yakusunthani. Mankhwala ake ndi kumasula rilu kotheratu musanaisiye nsomba, chala chizingokhudza kuti chingwe chisasokonekere, osaimitsa mpaka mutadutsa mamita 15. Vuto lina ndi nsomba yamphamvu imene sinatupe kwambiri: imadzipukusa n'kuchoka. Ikachoka n'kumira yokha palibe chodandaula. Ndipo chidachi chimasiya kabala kakang'ono pachibwano, kamene kamakula ngati mwaboola pa fupa m'malo mwa pa kachikopa.

Shelton ili ndi ubwino wina: ikhoza kumangidwa pa chingwe chowedzera chomwecho, pamwamba pa jigi, moti jigiyo imakhala ngati mtovu wotsitsira. Kwa nsomba zazing'ono zimatheka ndipo n'zachangu. Kwa yaikulu jigi ya magalamu 170 singaimize.

Chopanira chomasuka pokoka

RokLees ndi zina zofanana nayo zimapana chibwano cha m'munsi m'malo mochiboola, ndipo zimatseguka mukakoka chingwe mwamphamvu. Zili pakati: zimagwira nsomba bwino kuposa mbedza yozondotsa pamene mukuilowetsa m'madzi, siziboola, zilibe mbali zambiri zoti n'kuwonongeka, ndipo mtengo wake ndi wapakati. Koma popeza chimene chimazitsegula ndi kukoka, funde lokweza kayaki likhoza kuzitsegula nthawi isanakwane monga momwe limachitira ndi mbedza. Chinanso, pa chibwano chokhuthala cha nsomba yaikulu nthawi zina sizigwira mokwanira, ndipo pa kansomba kakang'ono zimafuna kukoka kawiri katatu kuti zimasuke. Yesani mphamvu yake kunyumba ndi nsanza yokhuthala kuti dzanja lidziwe kukoka kofunika.

Chopanira chomasuka ndi kuya kwa madzi

SeaQualizer imapana chibwano n'kutseka, ndipo siitseguka mpaka madzi ataipanikiza pa mlingo umene mwaikiratu. Ya nthawi zonse ili ndi malo atatu: mafiti 50, 100 ndi 150, kutanthauza pafupifupi mamita 15, 30 ndi 46. Ilipo ya madzi osaya ya mafiti 30, 50 ndi 70, komanso ya kozama ya 100, 200 ndi 300. Kwa wa pa kayaki, amene nthawi zambiri amawedza pakati pa mamita 15 ndi 50, ya nthawi zonse ndiyo yoyenera.

Ubwino wake pa kayaki ndi waukulu. Ikapana yapana. Funde likukwezeni, chingwe chikungike, muimitse rilu kuti mupalase kawiri kuthawa mwala, nsomba ikadali pomwepo. Simufunikanso kuwerenga mamita a chingwe. Ndipo kwa nsomba yaikulu, monga yelloweye ya makilogalamu 5, palibe chida china chimene chimapatsa mtima mpumulo ngati ichi.

Zolakwika zake ndi zitatu, ndipo ziwiri ndi za mwiniwake. Choyamba, kuiwala kusintha mlingo. Mwaika pa mafiti 100, mphepo yakukankhirani pa madzi a mafiti 80: mtovu ukugunda pansi, chida sichinatseguke, ndipo mukakulunga mukukwezanso nsomba ija kachiwiri, kuivulaza kawiri. Yang'anani kuya pa chipangizo chanu choyezera kuya kwa madzi musanatsitse, ndipo mlingo ukhale wochepera kuya kwa madziwo ndi mamita angapo. Mukakayika, ikani pa 50. Chachiwiri, mchere ndi mchenga. Kayaki imanyamukira ndi kukocheza pamchenga, mafunde akuswekera pa inu, ndipo chida chosatsukidwa ndi madzi abwino chimayamba kuuma mano kapena kuchedwa kutseguka. Chachitatu ndi mtengo: imadula kangapo kuposa zinazi, ndipo pansi pamene rockfish zimakhala ndi pamiyala yodya zida. Mtovu muumange ndi chingwe chofooka kuposa chotsitsira, mwachitsanzo choduka pa mapaundi 20 pansi pa choduka pa 50, kuti ukakodwa uduke wokha chida chibwere.

Kreti yozondotsa

Kreti ya pulasitiki, yonga ya mabotolo koma yopanda zipinda, yomangidwa mtovu m'ngodya zake zinayi za kukamwa ndi chingwe cha mamita 20 kapena 30 kumsana. Mumaivundikira pa nsomba yoyandama n'kuimiza. Mpweya ukafinyika nsomba imatulukira pansi yokha. Siikhudza chibwano, ndipo imatsitsa nsomba ziwiri zitatu nthawi imodzi. Pa boti ndi yabwino. Pa kayaki ndi katundu: imafuna mtovu wa makilogalamu angapo kuti imire mowongoka, kuikweza ndi manja kuchokera pa mamita 20 mutakhala pansi kumakupendeketsani, chingwe chake chimadzaza pamiyendo, ndipo ikapendekeka potsika nsomba imathawira m'mbali isanafike. Kreti imene ambiri amaika kuseri kwa mpando isiyeni igwire ntchito yake yosungira zida.

Mtovu: pamene ambiri amalephera

Chida chabwino chokhala ndi mtovu wochepa ndi chopanda pake. Nsomba yotupa imakana kumira mwamphamvu ndithu pa mamita 10 oyamba, chifukwa ndi pamene mpweya wafufuma kwambiri. Mtovu ukachepa, nsomba imangozungulira pamwamba, mphindi zikupita. Muyeso umene asodzi ambiri amatsata ndi paundi imodzi ya mtovu pa mapaundi asanu a nsomba, kapena kuti pafupifupi magalamu 450 pa makilogalamu awiri ndi pang'ono. Pa kayaki nyamulani iwiri: wa theka la kilogalamu umene umakhala womangidwa kale, ndi wa kilogalamu imodzi wokhala ndi kolowekera kuti muuwonjezere m'masekondi ochepa. Iwiriyi pamodzi imamiza pafupifupi nsomba iliyonse imene mungakumane nayo. Kumpoto, kumene yelloweye zazikulu n'zambiri, kilogalamu imodzi ndi theka ndiye poyambira.

Mtovu wolemera wosamangidwa umagubuduka m'kayaki, umaphwanya zala ndi kukodwa m'zingwe. Uikeni m'kathumba ka pambali pa mpando kapena m'malo oyikamo botolo, pamene dzanja limafika osatembenuka thupi.

Chotsitsira: ndodo yapadera, ndodo yowedzera kapena chingwe cha m'manja

Apa pali kusankha kwina kumene kumaposa ngakhale kusankha chida.

Ndodo yapadera ndiyo njira yabwino. Ikhale yaifupi ndi yolimba, ya mita imodzi ndi theka kapena kuchepera, yokhala ndi rilu yakale yolimba ndi chingwe cha mapaundi 50 mpaka 80. Chida ndi mtovu zikhale zomangidwa musananyamuke pagombe. Ngati chida chanu ndi chomasuka pokoka, ikani zizindikiro pa chingwe, pa mamita 15, 20 ndi 30, ndi cholembera chosafufutika kapena kaulusi kofiira. Kuipa kwake n'kwakuti ikutenga malo a ndodo imodzi, ndipo ndodo iliyonse yoima kumbuyo ndi chinthu china chothyoka mukagubuduzika pokocheza.

Kugwiritsa ntchito ndodo yowedzera yomweyo kumachepetsa katundu. Mumachotsa jigi pa kolowekera n'kulowekapo chida. Koma ndodo zowedzera rockfish pa kayaki zimakhala zofewa, zopangidwira magalamu 100 mpaka 250, ndipo kukweza kilogalamu ya mtovu kuchokera pa mamita 30 ndi ndodo yotere kumaipinda moopsa. Kusintha zida ndi zala zozizira kumadyanso nthawi imene nsomba ilibe.

Chingwe cha m'manja chokulungidwa pa chikulungiro chozungulira ndi chotchipa, chimalowa paliponse. Chikhale chokhuthala, cha mamilimita 2 kapena 3, kuti chisacheke zala, ndipo valani magolovesi. Vuto lake ndi pokweza: mamita 30 a chingwe chonyowa ali pamiyendo panu, ndipo mukagubuduzika nthawi imeneyo mwalowa m'madzi muli ndi chingwe chomangidwa ku mtovu chikuzungulira mapazi. Kulungani pa chikulungiro pamene mukukweza, ngakhale kumachedwetsa. Musamange chingwechi padzanja, ndipo mpeni ukhale pa jekete yanu yoyandamitsa, osati m'bokosi.

Mtundu wa kayaki umalowererapo. Yopalasa ndi mapazi, monga za kampani ya Hobie, imakusiyirani manja onse ndipo mukhoza kuima malo amodzi pamene mtovu ukutsika, koma chingwe chikalowa pansi chimakodwa m'zopalasira. Yopalasa ndi nkhafi imatengedwa ndi mphepo nthawi yonse imene manja ali pa nsomba, chingwe n'kupendekeka, moti mamita 20 a chingwe sakufikitsa nsomba pa mamita 20. Tsiku la mphepo onjezerani chingwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ifike pati?

Sikofunika nthawi zonse kuibweza pansi penipeni. Nsomba ya pa mamita 30 imene mpweya wake wafufuma kanayi pamwamba, ikafika pa mamita 15 watsala wofufuma pang'ono kupitirira kamodzi ndi theka, ndipo pa mamita 20 watsala pang'ono kubwerera mwakale. Pamenepo imatha kusambira yokha kutsika. Lamulo la ku Alaska limati pamene inagwidwa kapena pa mafiti 100, posankha posaya mwa ziwirizo. Kumene lamulo silinatchule, musachepetse pa theka la kuya kumene inachokera, ndipo musamasule pamwamba pa mamita 15. Yochokera kupitirira mamita 60 ipite pa 30 kapena kuposa. Musagundike pansi dala ndi mtovu: ndi pamene zida zimatayika.

Kachitidwe kake pamadzi

Nsomba ikangooneka pansi pa kayaki, izindikireni isanafike m'manja. Zitatu zofiira zimasokoneza anthu. Yelloweye ili ndi maso achikasu owala, timizere tokakala pamutu, ndipo yaing'ono imakhala ndi mizere iwiri yoyera m'litali mwa thupi. Canary ili ndi mzere wotuwa m'mbali ndi chipsepse cha kumchira cholowa pang'ono pakati. Vermilion mumaidziwa posisita pansi pa chibwano kuchokera kumbuyo: n'chokakala, pamene cha canary ndi cha yelloweye n'chosalala. Mukalephera kuzindikira, bwezani.

Lozetsani kayaki kumene kukuchokera mafunde. Ngati yanu ndi yoti mumakhala pamwamba pake osati m'kati, kutsitsa miyendo m'madzi mbali zonse kumaikhazikitsa. Nyowetsani manja kapena magolovesi, chifukwa dzanja louma limachotsa kuterera kumene kumateteza khungu la nsomba. Gwirani chibwano cha m'munsi ndi chala chachikulu kapena chogwirira cha pulasitiki; musalowetse zala m'malo opumira a m'mbali mwa mutu, musakhudze maso, musakankhire chifu m'kati. Minga ya pamsana ili ndi kaululu kamene kamatupitsa dzanja, choncho musaigoneke pantchafu. Chotsani mbedza ndi pulayala. Ngati yamezedwa, dulani chingwe pafupi ndi kamwa. Kolekani chida mosamala kuti chisapane chifu pamodzi ndi chibwano, chimene n'chosavuta kuchita pamene chifu chadzaza kamwa lonse. Masulani rilu, lowetsani mtovu m'madzi poyamba, nsomba itsatire chamutu.

Nsonga ya ndodo ilozeni kutsogolo kwa kayaki, osati m'mbali. Kayaki imapirira kukokedwa kutsogolo koma imagubuduzika msanga ikakokedwa cham'mbali, makamaka mtovu ukakodwa pansi funde n'kukukwezani. Zikatero masulani rilu nthawi yomweyo, palasani kubwerera kumene chingwe chinachokera, muyese kuchokera kumeneko. Chikakana, dulani. Madzi a ku Oregon, Washington ndi kumpoto kwa California amakhala pa madigiri 10 mpaka 13 ngakhale m'chilimwe, ndipo munthu wogweramo wopanda suti yoyenera manja amafooka m'mphindi zochepa. Wailesi ya VHF ikhale pathupi, pa tchanelo 16, yopemphera thandizo pangozi.

Mukamakweza chida, yang'anani madzi okuzungulirani kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Nsomba yomasuka msanga imatulukira kumene mukuchokera, osati pamene muli.

Zimene malamulo akunena

Ku Oregon ndi ku Washington, kuyambira 2017 chombo chilichonse chowedza nsomba za pansi chiyenera kukhala ndi chida chobwezera. British Columbia, chigawo cha ku Canada, inatsatira mu 2019, Alaska yonse mu 2020, California mu 2024. Kayaki imawerengedwa ngati chombo. Chidacho chiyenera kukhala chokonzeka kugwira ntchito. Chimene chili m'pepala lake pansi pa bokosi sichipulumutsa nsomba, ndipo woyang'anira akakupezani nacho chotero mukhoza kulipitsidwa.

Chifukwa cha kukhwima kumeneku ndi moyo wa nsombazi. Yelloweye imakhala zaka zoposa 100, imayamba kubereka itakwanitsa zaka pafupifupi 20, ndipo rockfish zimabereka tiana tamoyo, zazikazi zazikulu ndi zakale ndizo zimabereka tambiri ndi tamphamvu. Yelloweye inalengezedwa kuti yachepa mopitirira muyeso mu 2002. Mwa mitundu ina ya rockfish, canary inachulukanso monga kale mu 2015, bocaccio mu 2017, cowcod mu 2019, koma quillback ya ku California inalengezedwa yochepa mu 2023, ndipo chaka chimenecho usodzi wa pafupi ndi gombe unatsekedwa chifukwa cha nsombayi m'madera ambiri a boma limenelo, kumene kuli malo okhawo amene kayaki imafika. Nsomba zoletsedwa zofa zimawerengedwa, ndipo chiwerengero chikakwana nyengo imatsekedwa isanathe. Ku Puget Sound kutenga rockfish iliyonse n'koletsedwa kuyambira 2010, ndipo kuwedza nsomba za pansi kupitirira mafiti 120 sikuloledwa. Ku British Columbia kuli malo otetezedwa a rockfish oposa 160 kumene mbedza siiloledwa. Ziwerengero za nsomba zololedwa, mitundu ndi malire a kuya zimasintha chaka ndi chaka, nthawi zina pakati pa nyengo, choncho werengani za boma limene mukuwedzako sabata imene mukupita.

Ndiye mutenge chiti?

Ngati mumawedza pa mamita osapitirira 25, nsomba zanu zambiri ndi black, blue ndi zina zazing'ono, mbedza yozondotsa kapena Shelton pa ndodo yapadera yokhala ndi theka la kilogalamu ikukwanirani, ndipo ikatayika simulira. Ngati mumapita kozama, kumalo a mafunde aakulu monga kunja kwa Shelter Cove, Depoe Bay kapena Neah Bay, kumene yelloweye ndi quillback zimabwera kawirikawiri, gulani SeaQualizer, ndipo mbedza yozondotsa ikhale m'thumba yodikirira tsiku limene inayo yakana kutseguka kapena yatsala m'miyala. Chopanira chomasuka pokoka n'choyenera amene safuna kuboola chibwano koma amawedza m'madzi odekha. Kreti ndi singano zitsale kunyumba.

Pali zina zimene zimachepetsa ntchito yonseyi isanayambe. Mbedza imodzi m'malo mwa ziwiri, chifukwa rockfish ziwiri zotupa nthawi imodzi pa kayaki ndiye kuti imodzi idikira mphindi zisanu. Mbedza zophwanyidwa kamnga zimachoka msanga. Jigi ndi nyambo za pulasitiki zimakola pamlomo, pamene nyambo ya nyama imamezedwa mpaka kukhosi. Mukafuna lingcod, nyambo yaikulu imapewa rockfish zazing'ono. Yelloweye ndi quillback zimakhala pa mwala umodzi zaka zambiri, motero mukagwira ziwiri pamalo amodzi, yachitatu ili pomwepo: kwezani chingwe, palasani mamita mazana angapo kulowera kosaya, mukayambirenso kumeneko.